Masiku awiri mu Zomba: kuyambira kumunsi, kutsirizira pamwamba pa phiri

Lachisanu lililonse madzulo galimoto zambiri zochokera ku Blantyre zimadutsa mu Zomba zikuthamangira kunyanja ku Mangochi. Zina zimaima pang'ono kuti zithire mafuta, kenako n'kupitirira. Mzinda womwe udali likulu la dziko lino kwa zaka zoposa 80 amaudutsa m'mphindi khumi zokha, eni ake galimoto ataonako msika, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu ndi phiri lomwe latsamira kumbuyo kwake.

Komatu Zomba ndi umodzi mwa mizinda yochepa momwe munthu angaone mbiri ya dziko lake ndi maso, akuyenda wapansi, popanda kuboola m'thumba. Uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre ndi pafupifupi 300 kuchokera ku Lilongwe. Pakalembera wa mu 2018 udali ndi anthu ongopitirira pang'ono 105,000. Loweruka ndi Lamulungu n'zokwanira kuuona, bola mlendo adziwe poyambira. Mzindawu udamangidwa pachitunda, ndipo m'nthawi ya atsamunda malo omwe munthu ankakhala pachitundapo ankasonyeza mphamvu zake: olamulira kumtunda, olamulidwa kumunsi. Choncho woyamba ulendo wake kumunsi n'kumakwera pang'onopang'ono amakumana ndi mbiriyo mundondomeko yake.

Chomwe chidausiya waung'ono

Pomwe dziko lino lidalowa pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, Harry Johnston, adasankha Zomba kukhala likulu ngakhale kuti amishoni ndi amalonda adali atakhazikika kale ku Blantyre. M'tsinde mwa phirili mudali mozizira, madzi a mtsinje wa Mulunguzi adali osaphwa, ndipo malowa adali pafupi ndi njira zomwe ogulitsa akapolo ankadzera kuchokera kunyanja kulowera kugombe la Mozambique. Blantyre udapitiriza kukhala mzinda wa malonda, pomwe Zomba udasanduka wa maofesi, asilikali, makalaliki ndi mafayilo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda adafuna likulu lokhala pakati, pamalo otakasuka oti n'kukula, zomwe chitunda cha Zomba sichikadalola. Mu 1975 likulu lidasamukira ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo idatsalira mpaka mu 1994, nayonso n'kutsatira. Kusamukaku kudachotsa ntchito ndi ndalama zambiri mumzindawu, koma kudasiyanso chinthu china: popeza panalibe chifukwa chogwetsera nyumba zakale kuti pamangidwe zosanjikizana, zambiri mwa izo zidakalipo, ndi makonde ake aataliatali ndi njerwa zake zofiira. Nthambi zina za boma sizidasamuke. Bungwe loona za mayeso la MANEB, ofesi ya kalembera ya National Statistical Office, malo osindikizira zikalata za boma, nthambi yofufuza za miyala ndiponso nyumba yosungira zolembedwa zakale ya National Archives zonse zidakali konkuno.

Loweruka m'mawa: kumunsi kwa mzinda

Wochokera ku Blantyre, asadafike pakati pa tauni, amaona chipilala chachitali cha njerwa chokhala ndi wotchi pamwamba. Ichi ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, omwe makolo ankangowatchula kuti a Keyala. Chili pafupi ndi malo a asilikali a Cobbe Barracks, omwe dzina lake lidachokera kwa Alexander Cobbe, msilikali wa ku Britain yemwe adatsogolerapo asilikali a dziko lino kunkhondo ya ku Somaliland mu 1902. Chipilalachi chidamangidwa pokumbukira omwe adafa pankhondo yoyamba yapadziko lonse ya 1914 mpaka 1918, yomwe kuno idadziwika kuti nkhondo ya Chiwaya. Woima pamenepa ayenera kukumbukiranso gulu lina lalikulu koposa la asilikaliwo: amtengatenga, amuna pafupifupi 200,000 omwe adatengedwa m'midzi, ambiri mokakamizidwa, kuti azisenza zakudya ndi zipolopolo kupita nazo kumpoto ndi ku German East Africa. Ambiri adafa ndi njala komanso matenda. Gule wa beni, yemwe amavinidwa kwambiri m'madera a Ayao, adatengera mayendedwe ndi zovala zake kuperete wa asilikali a nthawi imeneyo.

Chapafupi pomwepo pali ndende yaikulu ya Zomba, yomwe idamangidwa mu 1935. Si malo oti alendo alowemo kukacheza, koma woyenda pamsewu amaona makoma ake. M'makoma amenewa ndi momwe Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress komanso nduna yoyamba ya zamalamulo, adamwalira mu Okutobala 1992, ndipo mkazi wake Vera Chirwa adatulutsidwa mu Januwale 1993. M'ndende yomweyi ndi momwenso mudajambulidwa chimbale cha nyimbo za akaidi ndi oyang'anira ndende, chomwe chidafika pampikisano wa mphoto za Grammy mu 2016. Kunja kwa mzinda, cha kuchigwa, kuli ndende ya Mikuyu komwe ankatsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, adatsekeredwako kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991.

Kuchoka apa ndi kaulendo kakafupi kukafika kumsika. Msika wa Zomba ndi wotchuka ndi ndiwo zamasamba komanso zipatso, ndipo chifukwa chake chimaoneka pamabenchi: mbatatesi, kabichi ndi zipatso za kumalo ozizira zimatsika kuphiri, pomwe mpunga, matemba ndi milamba zimakwera kuchokera kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Mozungulira msikawu muli mashopu akale a makonde ndi mzikiti waukulu, zomwe zikukumbutsa kuti dera lino ndi lomwe lidapatsidwa kwa amalonda a Chimwenye. Anthu akuda, omwe adali makalaliki, amesenjala, ophika ndi olima m'maluwa, ankakhala m'malaini a kumunsi ndi m'midzi yozungulira. M'mawa uliwonse ankakwera chitunda kupita kuntchito, dzuwa likapendeka n'kutsika.

Loweruka masana: kumtunda kwa boma

Kudutsa msewu waukulu n'kuyamba kukwera, phokoso la msika limazilala. Pali bwalo la gofu ndi kalabu ya Gymkhana, komwe kale munthu wakuda ankangolowako ngati wantchito. Misewu imayamba kukhotakhota pansi pa mibawa ndi mitengo ya jakaranda, yomwe imachita maluwa obiriwira mofiirira mu Sepitembala ndi Okutobala. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dera lino limafuna munthu woyenda wapansi, woima kuwerenga chaka cholembedwa pakhoma kapena pamwala wa tchalitchi.

Nyumba yakale kwambiri ya boma kumtunda kuno ndi yomwe lero ndi Hotel Masongola. Adaimanga mu 1886 ndi John Buchanan, yemwe adabwera ndi mishoni ya Blantyre ngati katswiri wa zaulimi n'kudzayamba minda ya khofi ku Zomba. Poyamba idali ya kazembe wa Britain, A.G.S. Hawes, kenako mudakhala Johnston. Dzina lakuti Masongola lidachokera kunsanja zake ziwiri za madenga osongoka. Mu 1901 kudamangidwa nyumba ina ya bwanamkubwa, yomwe lero ndi State House ya ku Zomba. Iyi ndi nyumba ya mtsogoleri wa dziko ndipo imalonderedwa, choncho siloledwa kulowamo kapena kuijambula mwachisawawa. Chimodzimodzinso malo a asilikali ndi ndende: ndi bwino kufunsa kaye kusiyana ndi kutulutsa foni n'kudziputira mavuto.

Pafupi ndi Masongola pali nyumba yomwe idali ya malamulo. Poiyerekeza ndi ya ku Lilongwe yomwe idatsegulidwa mu 2010, iyi ndi yaing'ono zedi, koma zomwe zidalankhulidwa mu Zomba zidaumba dziko. Bwalo lopanga malamulo lidakhazikitsidwa mu 1907 mulibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Akuda oyamba adalowamo mu 1949 mochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa, ndipo mu 1956 mudalowa asanu opambana pachisankho, kuphatikizapo Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, omwe mafunso awo adasowetsa mtendere akuluakulu a boma la atsamunda. Mu Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko lili paufulu, aphungu adakumana kuno kukambirana za kusamvana kwa Dr Banda ndi nduna zake. Mkanganowo udathera poti nduna zingapo zidachotsedwa, zina zidatula pansi maudindo, ndipo ambiri mwa iwo adathawira kunja. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa nyumbayi itangoweruka. Mitembo yawo idapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma la nthawiyo lidati idali ngozi ya galimoto, koma komiti yofufuza yomwe idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti adachita kuphedwa.

Woyenda akalemedwa ndi nkhani zoterezi, popumira pali pomwepo. Munda wa zomera wa Botanic Gardens udayamba m'zaka za m'ma 1890 pansi pa Alexander Whyte, katswiri wa zomera yemwe adabwera ndi Johnston, ngati malo oyesera mbewu ndi mitengo yochokera kunja. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa pakati pake pamiyala, pansi pa nsungwi ndi mitengo yomwe ina yaposa zaka 100. Mabanja amabwera ndi mphasa ndi chakudya, akwati amadzajambulitsa, ophunzira amadzawerengera mayeso.

Tsikuli likhoza kutsekedwa ndi ulendo wa ku Chirunga, komwe kuli Yunivesite ya Malawi. Chancellor College idasamukira kumeneku kuchokera ku Blantyre mu 1973, likulu lili pafupi kuchoka, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi ndiwo adautsitsimutsa mzindawu. Mu Malichi 1992 ophunzira a kuno adayenda pamsewu kugwirizana ndi kalata ya maepisikopi a Chikatolika yomwe idadzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Chaka chotsatira, mu Juni 1993, Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Lamulungu: pamwamba pa phiri

Phiri limafuna kulawirira. Msewu wa tala wochokera m'tauni umakwera mokhotakhota makilomita pafupifupi khumi kukafika kuhotela ya Sunbird Ku Chawe, yomwe ili m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Amphamvu zawo amadzera njira yachidule ya wapansi yotchedwa Potato Path, yomwe dzina lake lidabwera chifukwa alimi ankatsikira mmenemo ndi mbatatesi kupita nazo kumsika. Ndi yotsetsereka kwambiri ndipo imatenga ola limodzi ndi theka kapena awiri. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa ma strawberry, mabulosi, magalagadeya, ziboliboli ndi miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri a Zomba ndi Malosa.

Pamwamba pake si pansonga ayi, koma ndi dera lotakasuka looneka ngati mbale, lozunguliridwa ndi zitunda. Chachitali koposa ndi Malumbe, chomwe chimapitirira mamita 2,000 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a nyanja yamchere. Mvula yogwa m'mbalemu imasonkhana mumtsinje wa Mulunguzi, womwe umagwa pamathithi a Williams ndi a Mandala usadalowe m'damu la Mulunguzi. Damuli ndilo limamwetsa mzinda, ndipo poti lili pamwamba, madzi ake amatsika okha m'mipope. Kuyenda wapansi kuchoka kuhotela kudzera kudamu mpaka kumathithi a Williams n'kubwerera ndi ulendo wa theka la tsiku, womwe ngakhale ana okulirapo amaukwanitsa.

Chakum'mawa kuli malo awiri oonera patali. Queen's View adapatcha dzinali pokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth II mu 1957, pomwe Emperor's View ndi chikumbutso cha mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia yomwe idafikapo mu 1965, n'chifukwa chake Marasta amapalemekeza. Kukayera bwino, munthu amaona mzinda wonse pansi pa mapazi ake, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, chigwa cha Phalombe ndi phiri la Mulanje. Apa ndi pomwe zonse zomwe adaziona dzulo lake zimalumikizana: madenga a nyumba za boma obisala m'mitengo kumtunda, msika ndi mashopu pakati, ndiyeno nyumba zothithikana za ku Chikanda, Mpondabwino, Sadzi ndi Chinamwali zitafalikira kumunsi.

Chakumadzulo, kutali ndithu, kuli dzenje la Chingwe. Pakamwa pake ndi pobisika m'zitsamba, ndipo nkhani zomwe makolo adasiya zimati mafumu akale ankaponyamo adani awo kapena anthu odwala khate. Kuchokera pamenepa maso amagwera m'chigwa cha mtsinje wa Shire, cha ku Liwonde. Njira yake ndi yafumbi ndi yamiyala, yofuna galimoto yamphamvu kapena miyendo yozolowera ndi tsiku lathunthu. Wokhala ndi Lamulungu lokha achita bwino kusankhapo mbali imodzi, kum'mawa kapena kumadzulo, osati kuthamangira zonse.

Chomwe chili pachiswe

Wokwera phirili lero saona zokongola zokhazokha. Magawo aakulu omwe kale adali nkhalango ya paini ndi mitengo yachilengedwe adasanduka zitsa ndi udzu, chifukwa cha kucheka matabwa kosabwezeretsa mokwanira, kuotcha makala ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Pamsewu wotsika amakumana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi abambo okankha njinga zolemedwa, omwe msika wawo ndi mabanja a m'tauni osowa njira ina yophikira. Vutoli silithera paphiri. Mulunguzi akatsika amathira mu Likangala, yemwe amathirira minda ya mpunga asadakathere mu Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, moti idaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lake lalikulu lidasanduka matope ong'ambika. Mtengo wodulidwa paphiri umakhudza mpope wa ku Matawale, mlimi wa mpunga ndi msodzi wa matemba wa padoko la Kachulu.

Anthu a ku Zomba amadziwanso kuti madzi saiwala khwawa. Mu Disembala 1946 kudagwa chimvula chomwe chidagumula mbali za phiri, madzi ndi miyala zidakokolola milatho ndi nyumba n'kupha anthu. Makolo adati wadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chomwe chimasamukira kunyanja. Mlembi Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba konkuno, adazika ndakatulo zake zambiri pankhani ya Napoloyu. Chitunda chopanda mitengo sichigwira dothi, ndipo nyumba zikukwerabe m'malo omwe kale mudali nkhalango.

Nazo nyumba zakale zikufuna maso. Zina zikugwirabe ntchito ndipo zimasamalidwa, koma zina malata adachita dzimbiri, mapulanga a m'makonde adadyedwa ndi chiswe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, koma lamulo palokha silikhoma denga. Nyumba yomwe anthu amaiyendera, kuifunsa ndi kubweretsako ana a sukulu imavuta kuigwetsa mwakachetechete. Momwemonso mnyamata wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri yemwe amapeza ndalama poperekeza alendo kumathithi amakhala ndi chifukwa chotetezera mitengo yomwe alendowo amadzaona. Kwa zaka zambiri ntchito yokopa alendo yakhala ikuyang'ana kwa obwera pandege, chonsecho mabanja a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ndiwo angabwere mwezi uliwonse.

Zoyenera kukonzekera

Nyengo yabwino yoyendera ndi kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala. Mu Juni ndi Julayi paphiri pamazizira kwambiri ndipo chiperoni chikhoza kuphimba chilichonse m'kanthawi kochepa, choncho juzi ndi yofunika ngakhale m'tauni mutawala dzuwa. Mu Sepitembala ndi Okutobala kumatentha ndipo utsi wa moto wa m'tchire umachepetsa kuona patali. M'dzinja mathithi amadzaza ndipo phiri limabiriwira, koma njira zimaterera.

Maminibasi ochokera ku Limbe amafika ku Zomba tsiku lonse, ndipo m'tauni muli matakisi ndi njinga zamoto zokwera kuphiri. Malo ogona alipo a misinkhu yosiyanasiyana, kuyambira nyumba zogona alendo za m'tauni mpaka mahotela ndi malo omanga matenti paphiri. M'nyengo ya mwambo wa omaliza maphunziro kuyunivesite malo amadzaza msanga, motero ndi bwino kusungitsiratu. Paphiri pali operekeza alendo odziwa njira, ndipo nzeru ndi kugwirizana nawo mtengo ulendo usadayambe. Njira za m'nkhalango zimafanana, ndipo nkhungu ikatsika ngakhale wozolowera amasokera.

Wofuna kuona zolembedwa zakale ku National Archives, komwe kumasungidwa makalata a boma, nyuzi ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno, afike Lachisanu m'mawa chifukwa maofesi a boma satsegula kumathero a sabata. Wokhala ndi galimoto yake ndi maola owonjezera akhoza kutsikira ku Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, kukaona mabwato opita ku Chisi ndi mbalame za m'madambo zomwe zidachititsa kuti Chilwa ikhale malo oyamba m'dziko muno kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar. Ndipo wobwerera ku Blantyre Lamulungu madzulo akhoza kuima pa Namaka, pomwe pali kanyumba komwe ankapumulirapo amtengatenga onyamula makalata. Iwo mtunda wa pakati pa Zomba ndi Blantyre, womwe minibasi imaudula mu ola limodzi ndi theka, ankauyenda wapansi thumba la makalata lili paphewa.